Fry, kid, heifer, pullet: mayina a Chingerezi a ana a ziweto ndi nsomba, ndi ndalama zimene zagona m'menemo



Thumba la chakudya cha nkhuku limabwera lolembedwa m'Chingerezi. Kapepala ka mankhwala a njoka za m'mimba mwa mbuzi chimodzimodzi, fomu yolandirira ng'ombe ya mkaka chimodzimodzi, ndipo ogulitsa mbewu ya nsomba pa WhatsApp amalemba kuti ali ndi fry kapena fingerlings. Ife tikaona mawu onsewa timangoti, aaa, ndi ana basi: mwana wa nkhuku, mwana wa mbuzi, mwana wa nsomba. Komatu Mngerezi akasintha dzina la chiweto amakhala kuti wasintha msinkhu wake, ndipo kawirikawiri wanenanso ngati chili chachikazi kapena chachimuna, chothena kapena chosathena. Pa msinkhupo ndi pamene pagona mtengo, muyeso wa mankhwala ndi malamulo a usodzi. Kwa ife Asilamu pagonanso ibada, chifukwa mbuzi yosafika msinkhu siikhala Qurbani ngakhale itanenepa chotani.

Tatenga mayina amene timakumana nawo kwambiri kukhola, kudamu ndi kudoko kuti tione tanthauzo lake ndi kumene anachokera. Dzina ukalidziwa kwawo suliiwala msanga.

Mitundu itatu m'chilankhulo chimodzi

Chichewa chili ndi mawu obwereka. Nsapato tinatenga kwa Apwitikizi, mzikiti unachokera ku Chiarabu masjid kudzera m'Chiswahili. Chingerezi chinabwereka koposa pamenepo. Maziko ake ndi chilankhulo cha ma Angles ndi ma Saxons, anthu amene anawoloka nyanja kuchokera kumene lero kuli Germany ndi Denmark m'zaka za m'ma 400. Anali alimi, ndipo mawu ambiri a m'khola ndi awo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 700 kunayamba kufika ma Viking a ku Norway ndi Denmark. Poyamba ankangofunkha n'kubwerera, kenako anakhazikika kumpoto ndi kum'mawa kwa England n'kuyamba kulima. Ndiye mu 1066 William wa ku Normandy analanda dzikolo, ndipo kwa zaka pafupifupi 300 mafumu ndi anthu olemera ankalankhula Chifalansa.

N'chifukwa chake chiweto chimodzi chimakhala ndi mayina awiri. Chili m'khola ndi cow, sheep, calf, mawu a Saxon. Chikafika m'mbale ndi beef, mutton, veal, mawu a Chifalansa. Ambiri amafotokoza kuti oweta anali Angerezi wamba pamene odya nyamayo anali mabwana a Chifalansa.

Kukhola la ng'ombe

Calf ndi mwana wa ng'ombe, amene kumadera ena timati thole. Ma Saxon ankati cealf, ndipo Ajeremani mpaka lero amati Kalb. Chilembo l sichimveka, amatchula ngati "kaafu". Mwana wa njovu, wa mvuu ndi wa ngamira nayenso ndi calf. Mukaona calving ndiye kubereka kwa ng'ombe, mukaona in-calf ndiye kuti ng'ombeyo ili ndi bere.

Mwanayo akasiyitsidwa kuyamwa amatchedwa weaner. Mawuwa anachokera ku wenian, kutanthauza kuzolowetsa, ndipo ntchito yake ndi imeneyodi: kumuzolowetsa udzu ndi madeya pang'onopang'ono, osati kumuchotsa pabere tsiku limodzi. Akakwanitsa chaka ndi yearling.

Heifer, amatchula "hefa", ndi msoti wa ng'ombe, yaikazi imene sinaberekepo. Apa alimi a mkaka tchezani makutu. Pali heifer calf, palinso in-calf heifer. Mawu ndi omwewo, angotembenuzidwa, koma ndi ng'ombe ziwiri zosiyana kutalitali. Heifer calf ndi kamwana kakakazi ka miyezi yochepa, kamene mudzakadyetsa zaka ziwiri kapena kuposa musanaone dontho la mkaka. In-calf heifer ndi msoti umene uli kale ndi bere, ndipo poti bere la ng'ombe ndi miyezi 9, mkaka uli pafupi. Wosainira ngongole osawerenga bwino mawu awiriwa akhoza kulipira mtengo wa msoti wabere n'kulandira kamwana.

Dzina lomweli ndi limene linaperekedwa ku bungwe la Heifer International, limene Dan West anayambitsa ku America mu 1944. Njira yake yoti wolandira ng'ombe apatse mnzake mwana woyamba wamkazi ndi imene tikuidziwa kuno ngati pass-on.

Dzina lina loti tilisunge ndi freemartin. Ng'ombe ikabereka mapasa, wamwamuna ndi wamkazi, wamkaziyo pafupifupi 9 mwa 10 aliwonse amakhala wosabereka, chifukwa magazi a awiriwa amasakanikirana ali m'mimba. Amaoneka msoti wabwinobwino. Pogula msoti, funsani ngati unabadwa wokha.

Bull ndi nkhunzi. Steer ndi yamphongo yothena ikadali yaing'ono. Bullock poyamba ankatanthauza kankhunzi, poti -ock amachepetsa chinthu ngati ka- wathuyu, koma ku Britain lero ndi yothena, ngati zapangolozi. Ofuna mbewu asagule steer kapena bullock.

Msinkhu wa ng'ombe umalowanso pa Zakaat. Amene ali ndi ng'ombe 30 zodya kubusa, ndipo chaka chazungulira, amapereka tabii', mwana wokwanitsa chaka chimodzi. Dzinali m'Chiarabu ndi wotsatira, poti amakhala akutsatabe make. Zikafika 40 amapereka musinnah, yaikazi yokwanitsa zaka 2. M'mabuku a fiqh omasuliridwa m'Chingerezi, tabii' ndi uja mumapeza atalemba yearling kapena one-year-old calf.

Mbuzi ndi nkhosa

Kid ndi mwana wa mbuzi. Ili ndi dzina la ma Viking, ndipo linayamba kuoneka m'zolemba za Chingerezi cha m'ma 1200, n'kukankha dzina la ma Saxon, ticcen, limene linafa. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500 anthu a m'misewu anayamba kutchula ana a anthu kuti kids mwachipongwe, mpaka zinakhazikika. Kidnap, kuba munthu, anabadwira pomwepo m'zaka za m'ma 1680, pamene ana ankabedwa ku England kukagwiritsidwa ntchito m'minda ya ku America. Ndiye ana athu akamati "ma kids", adziwe kuti dzinalo mwini wake ndi mbuzi. Pakapepala ka alangizi, kidding ndi kubereka kwa mbuzi, osati nthabwala, ndipo bere lake ndi masiku pafupifupi 150.

Mbuzi yaikazi ndi doe, tonde ndi buck. Msoti ndi doeling, katonde ndi buckling. Ena amati nanny ndi billy, mayina a anthu amene anangopatsidwa kwa mbuzi: Nanny kuchokera kwa Ann, Billy kwa William.

Lamb ndi mwana wa nkhosa wosakwana chaka. Ndi mawu a Saxon, ndipo b wakumapetoyo anasiya kumveka kalekale. Nkhosa yaikazi ndi ewe, amatchula "yuu", yamphongo ndi ram, yothena ndi wether. Wether ali pachibale ndi mawu a Chilatini vitulus, mwana wa ng'ombe, kumene kunachokera veal uja. Onsewa muzu wawo ndi mawu akale otanthauza chaka. Oweta akale ankatchula chiweto powerenga zaka zake.

Pali dzina limodzi limene limadzidzimutsa Msilamu: hogget. Poti hog ndi nkhumba, munthu akaona hogget m'butchala ku Britain amabwerera m'mbuyo. Zoona, kale mawuwa ankanenanso nguluwe ya m'chaka chachiwiri. Koma lero hogget ndi nkhosa imene yapitirira chaka koma sinafike zaka 2, pakati pa lamb ndi mutton. Chofunika kufunsa pamenepo n'chakuti inazingidwa mwa halaal kapena ayi, osati mtundu wa nyama. Amene tiyenera kuwazindikira kuti ndi a nkhumba ndi piglet, gilt, sow ndi suckling pig. Pa thumba la chakudya cha ziweto, sow and weaner ndi cha nkhumba, si cha mathole.

Mano samanama

Nyengo ya Idi ya nsembe ikafika, mayina awa amasanduka nkhani ya ibada. Kid si Qurbani. Calf si Qurbani. Ng'ombe iyenera kukwanitsa zaka 2, ngamira zaka 5. Pa mbuzi ndi nkhosa madhhab amasiyana. Kwa Imam Shafi'i, amene ambiri a ife kuno timatsatira, mbuzi ikwanitse zaka 2, nkhosa ikwanitse chaka kapena ikhale itagwetsa mano akutsogolo. Kwa Imam Abu Hanifa mbuzi ya chaka chimodzi ikwanira, ndipo nkhosa ya miyezi 6 imaloledwa ngati yakula moti ikufanana ndi za chaka. Msinkhu womwewo ndi umene umafunika pa Aqiiqah. Aliyense afunse shehe wa pamzikiti pake, nthawi yogula isanafike.

Nanga msinkhu tiudziwa bwanji poti mbuzi ilibe chiphaso? Tsegulani kukamwa. Mbuzi, nkhosa ndi ng'ombe zili ndi mano 8 akutsogolo kunsi kokha. A ubwana ndi ang'onoang'ono. Mbuzi kapena nkhosa ikapitirira chaka, awiri apakati amagwa n'kumera akuluakulu awiri. Pofika zaka 2 akuluakulu amakhala anayi. Ng'ombe imameretsa awiri oyambawo ikamayandikira zaka 2. Angerezi anapanga mayina pa zomwezi: two-tooth, four-tooth, six-tooth, ndipo onse 8 akakwana amati full mouth. Abale athu amene ali ku Joni amawamva mawuwa m'misika ya ziweto. Kumeneko nyama ya nkhosa ya chilembo A ndi ya yopanda dzino lalikulu ngakhale limodzi, C ndi ya yokalamba.

Ife ogulitsa, apa ndi pamene tiyenera kuopa Allah. Munthu wasunga ndalama chaka chonse kuti azinge nsembe. Kumugulitsa kambuzi ka mano a ubwana n'kumuuza kuti kafika ndi kumubera kawiri, ndalama ndi ibada yomwe.

Nkhuku, abakha, nkhanga ndi nkhunda

Pano pali chodabwitsa. Chicken poyamba sanali nkhuku yaikulu. Ma Saxon akati cicen ankanena mwanapiye, pamene zazikulu zinali hen ndi cock. Dzina la mwana linakula mpaka kuphimba mtundu wonse, ndipo m'zaka za m'ma 1300 panadulidwa chick kukhala dzina la kamwanako. Zomwezi zinachitikira bird, amene anali mwana wa mbalame pamene mbalame inali fowl. Rabbit anali mwana wa kalulu, wamkulu ali coney. Pigeon anachokera ku Chilatini pipio, kambalame kolira kuti pi-pi m'chisa.

Day-old chicks ndi anapiye a tsiku limodzi. Pullet ndi msoti, kuchokera ku Chifalansa poule, thadzi, ndi Chilatini pullus, kamwana ka nyama iliyonse. Poultry, dzina la ulimi wonse wa nkhuku, ndi wa banja lomwelo. Point of lay ndi msoti umene watsala pang'ono kuikira, wa masabata 16 mpaka 20. Cockerel ndi chipsolopsolo. Broiler anachokera ku broil, kuwotcha, ndiye nkhuku ya nyama yoti pa masabata 6 yafika. Nkhuku zakuda za Mikolongwe dzina lake ndi Black Australorp, kufupikitsa kwa Australian Orpington.

Matumba a chakudya amatsata mayina omwewa. Chick mash kapena starter ndi cha anapiye, growers ndi cha misoti, layers ndi cha zoikira. Musati chakudya ndi chakudya basi. Layers ali ndi laimu wambiri wopangira chikamba cha dzira, ndipo amawononga impso za anapiye. Unsexed kapena straight run ndiye kuti atambala ndi misoti sanasiyanitsidwe, ndipo pafupifupi theka adzakhala atambala. Wofuna mazira afunse zimenezi asanalipire.

Brood ndi gulu la anapiye a thadzi limodzi. Mawuwa ndi a Saxon, pachibale ndi breed, ndipo muzu wake ndi kufunditsa. Broody hen ndi thadzi lofungatira, brooder ndi malo otenthetsera anapiye, kaya ndi mbaula ya makala kaya babu.

Mwana wa nkhanga ndi keet. Mwana wa nkhunda ndi squab, bunda lathu lija. Mwana wa bakha ndi duckling, wa tsekwe gosling. Kachidutswa ka -ling kameneka tikasunge bwino. Kamanena chinthu chaching'ono kapena chachichepere: yearling, hatchling amene wangoswedwa kumene, seedling mbande ya kunazale, sapling kamtengo. Ndi kameneka katitengere kumadzi.

Kudamu ndi kunyanja

Fingerling ndi finger, chala, kuphatikiza -ling: kansomba kotalika ngati chala. Fry ndi tating'ono kuposa apo, tongoswedwa kumene, tamene tayamba kudzifunira chakudya. Fry uyu si uja wokazinga. Wokazinga anachokera ku Chifalansa frire, pamene wa nsombayu akatswiri ambiri amamulumikiza ku frai, mazira a nsomba. Spawn ndi kuikira kwa nsomba, kuchokera ku Chilatini expandere, kumwaza. Broodstock ndi makolo osungidwira kubereka. Juvenile ndi nsomba yopitirira fingerling koma yosayamba kubereka.

Kusiyana kwa fry ndi fingerling ndi ndalama zenizeni. Fry amatsika mtengo, koma safunika kuponyedwa m'damu lalikulu. Achule, mbalame, tizilombo ta m'madzi ndi milamba zimawatha, ndipo mbululu zimawalanda chakudya. Paja mbululu ndi tadpole, kuchokera ku toad, chule, ndi poll, mutu: chule amene ali mutu wokhawokha. Fry amafuna kadamu kolerera kapena hapa mpaka afike chala. Amene alibe zimenezi agule fingerlings.

Msampha wina ndi uwu. Fingerling ndi dzina la msinkhu, koma diso limangoona kutalika. Makumba akathithikana m'damu amayamba kubereka akadali aang'ono n'kupinimbira. Nsomba yopinimbirayo imatalika ngati chala koma ndi nkhalamba, ndipo ngakhale muidyetse madeya miyezi 6 sidzakula mokondweretsa. Chizindikiro chimodzi ndi maso aakulu pa thupi laling'ono, china ndi kansomba kakang'ono kopezeka ndi mazira m'kamwa. Gulani mbewu kumalo odziwika, monga ku National Aquaculture Centre ku Domasi kapena kwa alimi amene alangizi a nsomba akuwavomereza, ndipo funsani tsiku limene inaswedwa. Mukaona monosex kapena all-male ndiye kuti ndi zazimuna zokhazokha, zimene zimakula msanga ndipo sizidzaza damu ndi ana. Pa milamba, mbewu ikhale yofanana kukula, chifukwa yaikulu imadya inzake.

Kunyanja nkhani yake ndi yomweyi. Chambo Angerezi amachitcha mouthbrooder, brood uja wa thadzi koma m'kamwa. Make amafungatira mazira m'kamwa, ndipo ana akaswa amawaperekeza kumadzi osaya, kumabango ndi kuudzu, kumene amathawira m'kamwa momwemo zinthu zikaopsa. Malamulo a usodzi akamati juvenile kapena immature fish akunena kasawala, ndipo chambo chosafika masentimita 15 n'choletsedwa kugwira. Chambo chimatenga zaka pafupifupi 3 kuti chiyambe kubereka m'nyanja. Closed season ndi nthawi yotseka nyanja kuti chiswane. Neti ya udzudzu ikakokedwa m'mbali mwa gombe imakokolola fry osawerengeka, ndipo onsewo sadzaza ndi beseni lomwe. Achikulire a ku Malombe akudziwa mmene chambo chinathera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, makoka a maso ang'onoang'ono atachuluka n'kupalasa udzu wa pansi pamene tiana timabisala. Munthu anaikidwa kukhala khalifa padziko, wosunga osati womaliza. Kasawala wa lero ndiye chambo chimene mwana wanu adzagulitse kuti alipire fizi.

Kumunda nakonso

Pa botolo la mankhwala a mbozi mupeza larva, zikachuluka larvae. M'Chilatini mawuwa ankatanthauza mzukwa kapena chigoba chobisa nkhope. Carl Linnaeus wa ku Sweden anawagwiritsa ntchito m'zaka za m'ma 1700 poona kuti mbozi ndi gulugufe amene wabisa nkhope yake. Caterpillar anachokera ku Chifalansa chakale, mphaka waubweya. Ntchemberezandonda zachilendo zija, fall armyworm, zimene zinavutitsa chimanga mpaka boma kulengeza za ngozi mu December 2017, ndi ana a gulugufe wouluka usiku. Botolo likati early instar kapena young larvae likunena kuti thirani mbozi zikadali zing'onozing'ono, zisanalowe m'kati mwa nsonga ya chimanga. Zikakula n'kubisala, mankhwala aja mwangotaya.

Athu tisawataye

Poona mayina onsewa munthu angaganize kuti Chingerezi ndicho cholemera. Ayi ndithu. Mtundu uliwonse umachulukitsa mayina pa chimene umadalira. Aarabu ali ndi dzina la ngamira pa chaka chilichonse, monga bint makhaad ndi bint labuun amene timawamva pa Zakaat. Ife tili ndi msoti, chipsolopsolo, bunda, kasawala, ndi bonya amene ndi usipa waung'ono. Achikulire a ku Mangochi, Machinga, Salima ndi Nkhotakota ali ndi ena ambiri, m'Chichewa ndi m'Chiyao momwe, amene achinyamata sakuwadziwa. Mwana wa sukulu amene amadziwa fingerling koma sadziwa kasawala sangathandize bambo ake kudoko, ndipo bambo amene amadziwa kasawala koma sadziwa juvenile sangawerenge lamulo limene lingawalanditse ukonde. Awiriwa akhale pansi aphunzitsane.

Tikupempha makalabu a alimi, makomiti a m'madoko ndi aphunzitsi a madrassa kuti alembe mayinawa pa pepala lalikulu, Chingerezi mbali ino, Chichewa ndi Chiyao mbali inayo, alipachike pamene anthu amakumana. Ndipo pogula chiweto kapena mbewu ya nsomba, dzina lisakukwanireni. Funsani tsiku limene chinabadwa, funsani ngati n'chachikazi kapena chachimuna, tsegulani kukamwa muone mano. Wogulitsa wachilungamo sakwiya ndi mafunso amenewa.

Allah aike baraka m'makola mwathu, m'madamu mwathu ndi m'nyanja yathu, ndipo alandire nsembe zathu.